Mwana amaphunzira mowa ndi fodya potumidwa

Mwezi wa Epulo ukalowa, m'maboma a Macanga ndi Tsangano mumayamba kuyenda ndalama. Ku Furancungo ndi ku Chidzolomondo alimi amakhala ali kalikiliki kumanga mabelo a fodya, pomwe ku Ntengo-wa-Mbalame ndi m'mapiri a Tsangano magalimoto amakhala akupakira matumba a mbatata ya kachewere, kabichi ndi nyemba. Iyi ndi nyengo imene mabanja amagula malata, njinga zamoto ndi feteleza wa chaka chamawa. Ndi nyengonso imene mabaraka a mowa sagona, ndipo pakati pa anthu oyenda ndi mabotolo m'manja pamaonekanso ana a msinkhu wa sukulu.

Ambiri mwa ana amenewa sapita ku baraka mwa kufuna kwawo. Amachita kutumidwa. Bambo akatopa ndi za kumunda amaitana mwana kuti akawagulire kachasu. Agogo amapatsa mdzukulu chingambwe kuti akawayatsire kukhitchini, ndipo kuti moto usazime panjira mwanayo amayamba wakoka kawiri katatu. Mayi wofulula mowa amasiya mwana wake wamkazi kuti azithirira makasitomala iye akapita kumadzi.

Palibe kholo limene limachita izi pofuna kuononga mwana wake. Koma apa ndi pamene mwana amadziwira kumene mowa umagulitsidwa, mtengo wake, fungo lake, ndi kukoma kwake komwe. Akamadzafika zaka 14 kapena 15 anzake n'kumunyengerera, njira amakhala ataidziwa kale.

Lamulo lilipo kale

Anthu ambiri sadziwa kuti dziko la Mozambique lili ndi malamulo pa nkhani imeneyi. Lei 6/99, lamulo limene linakhazikitsidwa mu 1999, linaletsa kugulitsa mowa ndi fodya kwa munthu wosakwana zaka 18, ndiponso kulowetsa ana m'malo a zisangalalo za usiku. Mu 2007 boma linatulutsa Decreto 11/2007 yoletsa kusuta m'malo opezeka anthu ambiri monga m'sukulu, m'zipatala ndi m'magalimoto onyamula anthu. Mu 2013 kunabwera Decreto 54/2013 imene inaletsanso kugulitsa mowa pasukulu ndi m'malo oyandikana nayo. Mu 2025 boma linakhwimitsanso malamulowa polimbana ndi mowa waukali wotsika mtengo umene ku Maputo amautcha xivotxongo, womwe unali utasokoneza ana ambiri a sukulu.

Komatu lamulo lolembedwa ku Maputo silingaime pakhomo pa baraka ili yonse ya ku Chidzolomondo. Wapolisi sangadziwe kuti mwana wanyamula botolo uja akukapatsa bambo ake kapena akukamwera kuseri kwa chigafa. Wogulitsa naye amadziteteza ponena kuti mwanayo anachita kutumidwa ndi akuluakulu. Choncho khomo limene lamulo linatseka, makolo eni ake ndi amene amalitsekulanso.

Thupi la mwana si la munthu wamkulu

Ena amati kulawa pang'ono kulibe kanthu, mwana wamwamuna ayenera kuzolowera. A zachipatala akutsutsa zimenezi. Iwo anapeza kuti ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo mbali imene imachedwa kwambiri ndi ija yothandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Mowa ndi chikonga cha mu fodya zikalowa mu ubongo wanthete zimazika mizu msanga.

Kafukufuku wamkulu amene anasindikizidwa ku America mu 1997 anaonetsa kuti mwa anthu amene anayamba kumwa asanakwane zaka 15, pafupifupi anayi mwa khumi aliwonse anadzasanduka akapolo a mowa. Mwa amene anayamba atakwana zaka 20, anali mmodzi yekha mwa khumi. Izi zikutanthauza kuti chaka chilichonse chimene kholo lachedwetsa mwana kulawa mowa ndi phindu lalikulu. Pajatu akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 chokha mowa unapha anthu 2.6 miliyoni, ndipo chigawo cha Africa chili m'gulu la zigawo zimene imfa zoterezi zimachuluka. Bungwe lomweli likuti fodya amapha anthu opitirira 7 miliyoni chaka ndi chaka, kuphatikizapo anthu osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo. M'nyumba yopanda mawindo, nthawi yachisanu ya Juni ndi Julaye pamene aliyense amaunjikana pamoto, utsi wa bambo umathera m'chifuwa cha khanda.

Mowa wa lero ndi wina

Pa mwambo wa Achewa ndi Angoni mowa uli ndi malo ake. Umapezeka pa maliro, pa ukwati, pa chiliza ndi pa dima. Koma akuluakulu amakumbukira kuti chipanda cha masese chinkazungulira pakati pa madoda ndi ntchembere, ana n'kupatsidwa thobwa. Mowa unkafululidwa pa chifukwa, ndipo ukatha unkatha.

Lero mowa uli pamsika tsiku ndi tsiku, ndipo wochuluka ndi waukali. Kachasu ndi mowa wa m'timabotolo ting'onoting'ono zimaposa masese kapena kabanga ukali kangapo konse. Kabotolo kamalowa m'thumba la kabudula wa sukulu, ndipo mtengo wake mwana amaupeza ndi ganyu wa tsiku limodzi wokumba mbatata kapena kunyamula matumba pamsika.

Maiko oyandikana nafe anakumana nalo kale vutoli. Dziko la Zambia linaletsa mowa wa m'timapepala wotchedwa tujilijili mu 2012. Dziko la Malawi linaletsa masacheti mu 2015 ataona ana akumwera m'kalasi, koma posakhalitsa mowa womwewo unatulukira m'timabotolo timene anthu anatitcha midoli. Kuno kumalire zimenezi zimatikhudza, chifukwa m'misika ngati ya Biriwiri ndi Lizulu msewu wokha ndi umene umalekanitsa maiko awiriwa. Chimene chaletsedwa tsidya lino chimagulidwa tsidya linalo, ndipo ana amawoloka msewuwo kangapo pa tsiku.

Mowa wofulula pakhomo nawo uli ndi ngozi zake, ndipo chigawo chino cha Tete sichidzaiwala za ku Chitima, m'boma la Cahora Bassa. Mu Januwale 2015 anthu amene anamwa phombe pochokera ku maliro anayamba kudwala, ndipo 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo. Poyamba kunamveka mphekesera yoti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, koma akatswiri atapima anapeza kuti ufa umene unagwiritsidwa ntchito unali utaonongeka ndi madzi, ndipo tizilombo tinabala poizoni mu ufawo. Omwawo sanazindikire kanthu pakamwa. Ngati akuluakulu odziwa mowa analephera kuzindikira, nanga mwana wopatsidwa chikho kuti alaweko angadziteteze bwanji?

Fodya amalowa ndi pakhungu pomwe

Ku Macanga fodya ndi chuma. Kuyambira pamene anthu anabwerera kwawo nkhondo itatha mu 1992, ulimi umenewu wakula kwambiri, ndipo mu 2006 kampani ya Mozambique Leaf Tobacco inatsekula fakitale yake mu mzinda wa Tete. Mabanja ambiri amanga nyumba ndi kuphunzitsa ana ndi ndalama za fodya. Nkhani ino sikunena kuti alimi asiye munda wawo ayi. Ikunena za mwana amene ali m'mundamo.

Tsamba la fodya likakhala lonyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chake chimalowa m'thupi kudzera pakhungu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, mseru ndi kusanza. Makolo ambiri amayesa malungo kapena dzuwa, osadziwa kuti mwana waledzera fodya asanasute ndi ndudu imodzi yomwe. Mu 2009 bungwe la Plan International linatulutsa lipoti la ana ogwira ntchito m'minda ya fodya ku Malawi, ndipo linati pa tsiku lachinyezi mwana angathe kulandira chikonga chofanana ndi cha ndudu 50.

Kuonjezera apo, mwana wokulira m'chigafa sasowa fodya. Zinyenyeswa zili ponseponse, ndipo pepala la m'kope la sukulu limakwanira kupichirira. Makampani ogula fodya amaletsa m'mapangano awo kugwiritsa ntchito ana pa ntchito zoopsa ngati kuthyola ndi kusoka masamba, koma mlangizi wa kampani sagona pakhomo panu. Woteteza mwana ndi inu nomwe.

Mlendo watsopano

Pamene tikulimbana ndi kachasu ndi chingambwe, kunja kwabadwa chinthu china chimene makolo ayenera kuchidziwa chisanawadzidzimutse. Ichi ndi fodya wamagetsi, amene achinyamata amamutcha vape, pa Chipwitikizi cigarro electrónico. Anamupanga ku China mu 2003, ndipo lero akupezeka m'mizinda ngati Johannesburg, Maputo ndi Lilongwe. Popeza anyamata athu ambiri amapita ku Joni ndi m'matauni kukafuna maganyu, ndipo ana amaonera mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook pa foni, mtunda wochoka kumeneko kufika ku Furancungo si wautali.

Kachipangizoka kamaoneka ngati cholembera, tochi yaing'ono kapena kofikira nyimbo. M'kati muli batire ndi kawaya kamene kamatenthetsa timadzi tosakaniza ndi chikonga, ndipo wosutayo amakoka nthunzi yake. Palibe machesi, palibe phulusa, ndipo zovala sizinunkha fodya. M'malo mwake pamamveka kafungo ka mango, switi kapena timbewu tonunkhira. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti pali mitundu ya fungo yosachepera 16,000, ndipo yambiri ndi yokopa ana. Mu 2025 bungweli linati ana osachepera 15 miliyoni a zaka 13 mpaka 15 akusuta fodya ameneyu padziko lonse. Dziko la Britain linaletsa mtundu wongosuta n'kutaya kuyambira pa 1 Juni 2025, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chomwechi cha ana.

Mwana adzakuuzani kuti ndi nthunzi ya madzi chabe. Musavomere. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kachipangizo kamodzi kangathe kukhala ndi chikonga chochuluka ngati cha m'mapaketi angapo a ndudu, ndipo ana amene ayamba ndi fodya wamagetsi amakhala pafupi kuyamba ndudu zenizeni. Timadzi take natonso ndi poizoni ngati mwana wamng'ono atamwa. Wachibale akabwera nako kuchokera kuulendo, asakasiye pamphasa ndipo asakapereke kwa ana ngati choseweretsa.

Zimene kholo lingachite

Choyamba ndi chosalira ndalama: lekani kutuma mwana kokagula mowa kapena fodya, ndipo lekani kumuyatsitsa ndudu. Ngati mwafuna kumwa, nyamukani nokha. Mlendo akafuna kutuma mwana wanu, muuzeni mwaulemu kuti pakhomo pano ana satumidwa zimenezo.

Chachiwiri, amayi amene mumaphika kachasu kapena kufulula mowa kuti mupeze ya sopo ndi makope, patulani malonda ndi ana. Mwana asalawe mowa kuti aone ngati wapsa, asathirire makasitomala, ndipo mtsikana asakhale pakati pa amuna oledzera usiku. Mimba zambiri zosayembekezera ndi maukwati a ana zimayambira pamalo otere. Mayi woyembekezera nayenso apewe mowa, chifukwa umafika kwa mwana ali m'mimba n'kuononga ubongo wake.

Chachitatu, yambani kucheza naye msanga, ali ndi zaka 9 kapena 10, asanamve kwa anzake. Musadikire tsiku limene wabwera akudzandira. Pokazinga chimanga madzulo kapena popita kudimba mufunseni zimene amaona kusukulu ndi kumsika, ndipo mumvetsereni mpaka amalize. Mwana amene amadziwa kuti akaulula alandira chikoti amaphunzira kubisa, saphunzira kusiya.

Chachinayi, nenani poyera lamulo la pakhomo panu. Ana ambiri sanamvepo bambo kapena mayi awo akunena kuti sakufuna kuti amwe. Muuzeni chifukwa chake, ndipo mugwirizane chimene chidzachitike akaphwanya lamulolo. Muthandizeninso mau okanira anzake, monga kunena kuti mawa ali ndi mpira, kapena kuti kwawo amamununkhiza akafika. Mwana amafuna pothawira kuti asaoneke wamantha pamaso pa anzake.

Chachisanu, dziwani kumene ndalama zake zikupita. Mnyamata amene wagulitsa thumba lake la mbatata kapena amene akuyendetsa njinga yamoto ya kabaza amagwira ndalama zimene bambo ake sanazigwirepo pa msinkhu umenewo. Khalani naye pansi, muwerengere limodzi, ndipo mumulimbikitse kugula nkhuku, mbuzi kapena mbewu. Ndalama yopanda cholinga imathera ku baraka, ndipo njinga yamoto ndi mowa zikakumana mapeto ake ndi kuchipatala kapena kumanda.

Chachisanu ndi chimodzi, dziyang'aneni nokha. Bambo amene amagulitsa fodya n'kusowa pakhomo sabata yathunthu, n'kubwera m'thumba muli mbee, waphunzitsa kale ana ake za ntchito ya ndalama. Ngati simungathe kusiyiratu, musaledzere pamaso pa ana ndipo musasutire m'nyumba.

Mutu umodzi susenza denga

Kholo limodzi likaletsa pomwe anzake onse akulekerera, mwana amaona ngati kwawo kokha ndi kumene kuli nkhanza. N'chifukwa chake nkhaniyi ndi ya mudzi wonse, ndipo pali dziko lina lakutali limene linaonetsa kuti makolo akapangana zinthu zimasintha. Ku Iceland, chilumba chozizira cha kumpoto kwa Ulaya, mu 1998 ana 42 mwa 100 aliwonse a zaka 15 ndi 16 ankavomera kuti analedzerapo m'mwezi umene wangothawo. Pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 5. Osuta tsiku ndi tsiku anatsika kuchoka pa 23 kufika pa 3.

Anthu a kumeneko sanadalire kuopseza ana. Makolo a sukulu imodzi ankasainirana pangano loti sadzagulira ana mowa ndipo adzayang'anirana ana. Panali nthawi yoikika yoti mwana akhale atalowa m'nyumba usiku. Makolo analimbikitsidwa kukhala ndi ana awo nthawi yochuluka, ndipo ana anapatsidwa masewero ndi zoimbaimba zoti azichita akaweruka.

Iceland ndi dziko lolemera, koma zambiri mwa izi sizifuna ndalama, ndipo ife tinali nazo kale. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mfumu ndi nduna zake angathe kuitanitsa eni mabaraka ndi ophika kachasu pabwalo n'kugwirizana kuti mwana asagulitsidwe mowa ngakhale atanena kuti watumidwa. Komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ija ya Conselho de Escola, ingathe kudandaula ku boma za baraka imene yamangidwa pafupi ndi sukulu. Eni nyumba zoonetsera mavidiyo auzidwe nthawi yotulutsira ana. Pa maliro ndi pa ukwati pakhale munthu wamkulu woyang'anira mbiya, ndipo ana aphikiridwe thobwa lawolawo. Mipingo, anamkungwi ndi atsibweni, amene mau awo amalemera kwa mbumba, aikepo nkhani imeneyi pa malangizo awo. Bwalo la mpira losamalidwa bwino ndi kwaya yokhala ndi wamkulu woiyang'anira zimasunga ana ambiri madzulo kuposa chikoti.

Ngati wayamba kale

Zizindikiro zimaoneka kwa kholo latcheru. Mwana amayamba kujomba kusukulu, kusintha anzake, kupsa mtima msanga, kutafuna switi kapena masamba pofuna kubisa fungo, ndipo m'nyumba mumayamba kusowa ndalama, chimanga kapena nkhuku. Chizindikiro chimodzi sichikwanira kumuweruza, koma zikachulukana muyenera kufunsa.

Musakambe naye ali woledzera kapena inu muli ndi mkwiyo. Dikirani kuche, mukhale naye pawiri kapena pamodzi ndi atsibweni ake, ndipo mufunse chimene chikumuvuta. Ana ena amamwa chifukwa cha umasiye, njala, kulephera mayeso kapena ndewu za makolo. Kumuthamangitsa pakhomo ndi kumupereka m'manja mwa omwe anamuphunzitsa.

Thandizo lilipo. M'zipatala zambiri za boma muli gawo la achinyamata lotchedwa SAAJ, kumene mwana angathe kulankhula ndi namwino mwachinsinsi. Palinso nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança, imene mwana kapena kholo angaimbe pofuna uphungu. Kusiya chikonga kumavuta, ndipo masabata oyamba mwana amakhala wolusa ndi wosagona bwino. Akagwa n'kuyambiranso musataye mtima, ambiri amasiya atayesa kangapo.

Koma mukapeza mwana ali chikomokere ndi mowa, musanene kuti agone uthe wokha. Mowa umatsitsa shuga m'thupi la mwana ndipo ungathe kuimitsa mpweya. Mugonekeni chammbali kuti masanzi asamutsamwitse, mufunditseni chifukwa chisanu cha kumapiri kuno chimapha munthu woledzera, musamumwetse kanthu mokakamiza, ndipo thamangirani naye kuchipatala msanga.

Inu makolo a ku Tsangano ndi Macanga, mumadziwa kusamala nazale. Mumaithirira m'mawa ndi madzulo, mumaiphimba ndi udzu, mumaitchinga kuti nkhuku zisafukule, chifukwa mbande ikaonongeka pa nazale munda wonse wapita. Msika wa chaka chino ukatsekulidwa ndalama n'kulowa m'nyumba, kumbukirani kuti ana akuona kumene mukupita nazo. Ndipo ludzu likakugwirani madzulo, mwana msiyeni alembe za kusukulu.